Zitsulo za Pansi pa Galimoto ya Ukwati

Panali munthu wina kumapiri a tiyi uko amene ankakonda galimoto yakale mopitirira muyeso. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Sungeni, ndipo ankamukonda ndithu, tisamunamizire. Koma mwanayo akatsokomola bamboyo ankati zitha zokha, pomwe galimoto ikatsokomola chakudya sichinkalowa.

Galimotoyo inali ya makedzana, yaitali mphuno, yokhala ndi injini yaikulu ya masilinda asanu ndi limodzi. Inali ya mtundu uja unkapangidwira liwiro, osati kunyamula matumba a feteleza. Munthuyo anaiona koyamba ali mnyamata, atangolembedwa ukalaliki pa esiteti. Mkulu wa esiteti ndiye ankayendamo, ndipo ikadutsa pakati pa minda anthu othyola tiyi ankaweramuka n'kuiperekeza ndi maso mpaka fumbi litatha. Kalalikiyo anangoti mumtima, tsiku lina.

Tsiku linalo linafika patatha zaka makumi atatu. Atapuma pa ntchito anaipeza kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'zitseko, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Anaigula tsiku lomwelo, n'kuikoka ndi thirakitala anthu akumuseka m'njira monse.

Mkazi wa munthuyu anali ndi mchimwene wake amene anali makaniko. Ameneyo ndiye anali amalume a Sungeni. Anali munthu wofatsa, wa mawu owerengeka, zikhadabo zakuda ngakhale Lamulungu. Galaji yake inali ya malata akale, koma amene ankadziwa galimoto ankadutsa magalaji opaka penti yokongola n'kukaima pakhomo pake. Kumeneko ndi kumene galimoto ija inakatsitsidwa.

Anthu awiriwa anagwira ntchito pa galimotoyo zaka zinayi. Kunena zoona wogwira ntchito anali makanikoyo. Mwini galimoto ankakhala pa ndowa yovundikira, atapinda miyendo, n'kumalangiza. Injini anaiphwasula yonse n'kuimanganso. Inalira tsiku lina masana, ndipo mwini wakeyo anagwetsa misozi pamaso pa anthu. Kenaka anaipaka penti yofiira, mipando n'kuikuta ndi chikopa, zitsulo zonyezimira za kutsogolo n'kuzipukuta mpaka munthu kumadzionerapo. Pomaliza mwini galimoto anabweretsa matayala otambalala, oposa amene galimotoyo inabadwa nawo, poti anali atawaona pa chithunzi.

Makanikoyo anawayang'ana n'kunena kuti, "Alamu, tayala lotambalala limagwira msewu kwambiri. Likagwira msewu, limakoka zitsulo za pansi kwambirinso. Pansipa sitinapagwirebe."

"Tipagwira," anatero mwini galimoto. Ananena mawuwo maso ali pa penti.

Chaka chimenecho Sungeni anapeza mwamuna. Tsiku la ukwati litakhazikitsidwa, bambo ake analengeza kuti mwana wawo sadzakwera galimoto yobwereka ngati ana a anthu ena. Adzakwera yofiira ija, ndipo woyendetsa adzakhala iwo eni, popeza chiwongolero chimenecho panalibe wina wololedwa kuchigwira. Kunali kutatsala milungu isanu ndi umodzi. Apa m'pamene anakumbukira kuti galimoto ili ndi kunsi.

Makanikoyo anaikweza n'kulowa pansi. Mabushi, timalabala tija timene timaletsa zitsulo kukhulana, anali atauma n'kumanyotsoka ndi chala. Matayirodi, amene amatenga mphamvu ya chiwongolero kukafikitsa ku matayala, anali ogwedera. Zimenezo anazipeza msanga n'kuzisintha. Chimene chinavuta chinali mabolojointi a m'munsi.

Inu ophunzira zaumakaniko, bolojointi mukuidziwa, mwakhala mukuimasula chaka chonse chino. Koma ndinenabe, poti ena mwa inu mumaimasula maganizo ali pa foni. Ndi kampira kachitsulo kokhala m'kachikho kachitsulo, monga mmene fupa la mwendo limakhalira m'chiuno. Pa galimoto zakale zija, ya m'munsi ndiyo imasenza kulemera kwa kutsogolo konse, injini ndi zonse, uku ikulola tayala kutembenuka. Ikayamba kutha imalira. Kampira kakatuluka m'kachikho, tayala limagona pansi, ndipo chiwongolero chili m'manja mwakocho sichikhalanso ndi ntchito. Ukhoza kuchipotoza mmene ungafunire, galimoto ipita kumene yafuna.

Mabolojointi a galimoto imeneyo anali atasiya kupangidwa kalekale. Makanikoyo anapita ku Limbe katatu, kulowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa iyo. Ulendo wachitatu anafika m'sitolo ina yamdima, ya mkulu wokalamba amene anailandira kwa bambo ake. Mkuluyo anamvetsera, anaganiza, n'kukwera makwerero mpaka pa shelefu ya kudenga. Anatsika ndi katoni yodyedwa ndi mphemvu. M'katimo munali zitsulo ziwiri zokulungidwa m'pepala lamafuta. Zinali zotuwa, zokhala ndi timadontho ta dzimbiri kunja, malabala ake atang'aluka ndi ukalamba. Koma zinali zenizeni za galimotoyo, ndipo zinali zisanaonepo msewu chipangidwire. Makanikoyo anabwerera kwawo atazifungatira pamiyendo mu minibasi.

Mlungu womwewo mwini galimoto naye anali atayenda. Iye analowera ku msika wa zitsulo, kuseri kwa depoti, kumene chilichonse chimapezeka ukangochitchula. Anakumana ndi wogulitsa wina wa lilime lotsekemera amene anamuuza kuti adikire masiku awiri. Atabwerera anapatsidwa mabolojointi awiri akuda, onyezimira, a malabala atsopano, okulungidwa m'pulasitiki.

"Gwedezani nokha, bwana," anatero wogulitsayo.

Munthuyo anagwira kamtengo kachitsulo kotuluka pa kampira n'kuyesa kukapinda. Sikanasunthe. Anayesa ndi manja awiri, sikanasunthebe.

"Mwaona nokha. Chotha chimagwedera, chatsopano sichigwedera."

Mawu amenewo anamulowa munthuyo ngati Uthenga Wabwino, chifukwa ndi zimene iyenso ankakhulupirira. Ndi zimene ambiri amakhulupirira kuno. Timayesa chitsulo monga timayesera mpini wa khasu, kuti chikauma gwa ndiye kuti ncholimba.

Tsiku lotsatira zitsulo zinayi zinaikidwa patebulo la m'galaji, ziwiri zotuwa, ziwiri zakuda. Mwini galimoto anatola chotuwa n'kukankha kamtengo kake. Kanayenda molemera, koma mosalala, kupita uku ndi kubwerera. Anaseka.

"Alamu, akupusitsani. Zanuzi n'zogwedera kale."

Makanikoyo anatola chakuda, anachitembenuza, anachiyandikiza pa kuwala kwa pakhomo. Kenaka anatenga mpeni n'kupala utoto pamlomo wa kachikho. Pansi pa utotowo chitsulo chinali chobiriwira ngati chimene chadutsa pamoto, ndipo kuzungulira mlomo wonse panali timaenje ta hamala.

"Izi zinadya kale msewu," anatero. "Zinatha pa galimoto ina. Anaziwotcha ndi gasi, n'kumenya mlomowu kuti ufinye kampira kotha kali m'katimu. N'chifukwa chake sizikusuntha. Chitsulo chikawotchedwa choncho chimafewa. Mlomo umene watsekedwa ndi hamala, msewu udzautsegula."

Ana inu, ine ndinachekapo chitsulo chotere pakati kuti ndione. Ndinapezamo chidutswa cha patapata chimene anachipanikiza pansi pa kampira. Patapata, wovala kubafa uja. Ndinakhala pansi. Pali munthu amene amadzuka m'mawa, kusamba, kumwa tiyi, kutsanzika ana ake, n'kupita kukagwira ntchito imeneyo, akudziwa bwinobwino kuti chitsulocho chikanyamula anthu. Mpaka lero ndikaganiza thupi langa limachita tsembwe.

Mwini galimoto sanachite tsembwe. Anayang'ana timaenje tija n'kunena kuti n'chizindikiro cha fakitale. Kenaka analoza zotuwa zija.

"Ndiye mukufuna ndiike dzimbiri pa galimoto ya ukwati wa mwana wanga?"

"Dzimbirilo ndi la kunja, lichoka ndi burashi. Malabala ndisintha, girisi ndithira. Pansipo palibe amene adzaone."

"Ine ndidzadziwa kuti lilipo."

"Chikomekome cha mkuyu, alamu."

"Musandiphere miyambi. Mwakwiya chifukwa ndapeza m'masiku awiri chimene inu mwachisowa milungu itatu. Mangani zakudazi."

Makanikoyo anapukuta manja pa kansanza, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Manja angawa samanga zimenezi."

"Galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga."

"N'zoona. Koma manja ndi anga."

Zaka zinayi zinathera pamenepo. Masana omwewo galimoto inatulutsidwa m'galaji n'kupita pansi pa mtengo wa mango kumsika, kumene kuli amisiri osafunsa mafunso. Anamanga zakuda zija dzuwa lisanapendeke. Zotuwa zinatsala patebulo.

Makanikoyo anapita kunyumba kwa mlamu wake kawiri. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bambo achokapo, galimoto ili pabwalo pomwepo. Ulendo wachiwiri amene anatuluka anali mchemwali wake, mayi a Sungeni, atatopa ndi zokonzekera ukwati. Anamumvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Achimwene, nkhani zanu za zitsulo muzikambirana amuna nokhanokha. Chonde musatisokonezere ukwati." Makanikoyo anavala chipewa chake n'kubwerera.

Milungu itatu yotsalayo galimoto yofiira sinapume. Mwini wake anagawa nayo makadi a ukwati, khadi limodzi ulendo umodzi, kuti anthu aione. Inadutsa m'maenje, m'misewu yamiyala ya m'maesiteti, m'matope. Paliponse imene inaima anthu ankaizungulira n'kumasisita penti. Wogwada kuti asuzumire pansi panalibe.

Tchalitchi chimene ukwati unachitikira chinali pamwamba pa phiri. Holo ya madyerero inali kumunsi, ku boma. Pakati pake panali msewu wotsetsereka wa makona atatu, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo mitengo ya bulugamu. Ndipo mukudziwa mmene timachitira ndi mdipiti wa ukwati. Galimoto siziyenda mowongoka ngati za maliro. Zimavinitsidwa, kumanzere, kumanja, mahutala akulira, anthu atatulutsa mitu m'mawindo. Galimoto ya akwati ndiyo imatsogolera gule ameneyo.

M'mawa wa tsikulo makanikoyo anaima pachipata cha tchalitchi, poti ndiye anali nkhoswe ya kuchikazi. Anavala suti yake imodzi yomweyo ya maliro ndi maukwati. Galimoto yofiira inatulukira itamangidwa maliboni oyera, itanyamula mkwatibwi kuchokera kunyumba ya abale ena pafupi pomwepo, mtunda waufupi, msewu wosalala. Amayi anaimba nthungululu. Pachipata panali kangalande, ndipo tayala la kumanzere litatsikiramo kunamveka kaphokoso kamodzi, kouma, kakafupi, kuti khu. Anthu mazana awiri anali pamenepo. Anakamva ndi munthu mmodzi.

Mwambo unayamba. Abusa atatsegula Baibulo kuti alalikire, makanikoyo ananyamuka mwakachetechete n'kutuluka. Pabwalo panalibe munthu. Anagona chagada pa fumbi ndi suti yake yomweyo, n'kulowetsa mutu kuseri kwa tayala la kumanzere.

Labala linali litang'ambika. Utoto wakuda unali utasendeka. Mlomo wa kachikho unali utang'aluka mbali imodzi, chitsulo choyera chikuonekera, ndipo kampira kanali katasuzumira kunja. Chimene chinatsala chikugwira tayalalo chinali kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo chake.

Anakhala chigonere pansi pamenepo akumva kwaya ikuimba m'katimo. Iye ankayembekeza kuti zitsulozo zitha, koma sanaganize kuti zingathe msanga chotere. Anaganiza za makona atatu aja.

Analowanso m'tchalitchi n'kukagwada pambali pa mpando wa mlamu wake.

"Alamu, tiyeni panja mukaone. Mphindi imodzi yokha."

Mwini galimoto sanatembenuze ndi mutu womwe. Analankhula mano atalumana.

"Khalani pansi. Taonani msana wanu, fumbi lokhalokha. Mukutichititsa manyazi."

Malumbiro anachitika, mphete zinavekedwa, mabuku anasainidwa. Makanikoyo naye anasaina monga nkhoswe. Akwati anatuluka pakati pa nyimbo. Bambo a mkwatibwi anatsogola, anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto yofiira, n'kuimirira pambali chifuwa chili patsogolo. Anali atadikira mphindi imeneyo kuyambira ali kalaliki. Sungeni anaika maluwa ake pampando, anasonkhanitsa diresi ndi manja awiri, n'kukweza phazi.

Dzanja la zikhadabo zakuda linatambasuka pakhomo pa galimotoyo.

"Mbumba yanga sikwera galimoto iyi."

Sanakweze mawu. Koma oyandikira anamva, n'kuuza a kumbuyo, ndipo nthungululu zinazima ngati wina wathira madzi pamoto.

Ena mwa inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Bambo amabereka, amalera, amaphunzitsa, koma mwini mbumba ndi mchimwene wa mayi, ndipo pa nkhani ya moyo wa mwana, iye akaletsa ndiye kuti waletsa. Masiku ano mawu amenewo amangotchulidwa pa chinkhoswe kuti mwambo ukwane. Makanikoyu anali asanawagwiritsepo ntchito chibadwire cha Sungeni. Potcha dzina, posankha sukulu, ngakhale polandira mwamunayo, yankho lake linali limodzi, lakuti mmene mwaoneramo alamu. Anthu anali ataiwala kuti munthu wonunkha girisiyu ali ndi mphamvu imeneyo. Anaitulutsa tsiku limenelo, pakhomo pa tchalitchi, makamera akujambula.

Bambo a mkwatibwi anafiira maso.

"Mbumba? Mwanayu akudwala malungo, kuchipatala ankagona ndinu? Ku sukulu munamupititsa ndinu?"

"Zonsezo munachita ndinu, alamu, ndipo ndimakulemekezani. Gwadani muone pansipa. Mukaona, ndichotsa dzanjali."

"Ndigwade? Pamaso pa anthu onsewa?"

"Ndiye ndanena ngati mwini mbumba. Sakwera."

Khofi limene bambo a mkwatibwi anamumenya nalo makanikoyo linamveka mpaka kuchipata. Amayi anagwira pakamwa. Abusa anaima pamasitepe Baibulo lili m'manja, osadziwa vesi loyenera. Mutu wa makanikoyo unapendekera kumbali n'kubwerera, koma dzanja linakhala pomwe linali.

Sungeni anayamba kulira.

"Amalume, ndakulakwirani chiyani? Mukundichitira zimenezi pa tsiku langa?"

"Lira, mwana wanga. Koma sukwera."

Ankhoswe a kuchimuna anayang'anizana. Anali anthu akumudzi, odziwa mwambo, ndipo wamkulu wawo ananena chapansipansi kuti mwini mbumba akaletsa iwo sangalumphe mawu ake. Mkwati anagwira dzanja la mkazi wake n'kupita naye ku minibasi imene inabweretsa kwaya. Mkwatibwi wa diresi loyera anakwera minibasi, n'kukhala pakati pa ng'oma ndi zisekese. Anthu sanakhulupirire zimene ankaona. Agogo ena anati chibadwire sanaonepo mwano wotere.

Bambo uja anatembenukira kwa mkazi wake n'kumuuza kuti akwere. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana tsaya la mchimwene wake, n'kutsata mwana wake ku minibasi.

Munthuyo anamenyetsa chitseko chakumbuyo n'kuzungulira kupita ku chiwongolero.

"Ndikuonetsani nonse. Mukandipeza ku holo."

"Alamu, nanunso musakwere," anatero makanikoyo. "Ndikukupemphani. Inu si mbumba yanga, sindingakuletseni. Ndikungopempha."

Injini inalira. Inali injini yabwino, yomangidwa ndi manja odziwa, ndipo inalira mokoma. Galimoto yofiira inatuluka pachipata, minibasi pambuyo pake, galimoto zina n'kutsatira. Makanikoyo anakhala pampando wa kondakitala, pafupi ndi chitseko, popanda womulankhula.

Kona yoyamba galimoto yofiira inakhota bwinobwino. Hutala inalira. Mu minibasi anthu anayamba kung'ung'udza. Kona yachiwiri inakhotanso, ndipo mwini wake anatulutsa dzanja pawindo n'kuligwedeza. Mayi wina wa kwaya ananena mokweza kuti anthu ena nsanje idzawapha. Sungeni anabisa nkhope m'manja.

Atadutsa kona yachiwiriyo, munthu uja anayamba kuivinitsa. Kumanja, kumanzere, kumanja. Matayala otambalala aja ankagwira phula mwamphamvu monga anapangidwira. Pobwerera kumanzere kachitatu kunamveka phokoso ngati la mfuti. Tayala la kumanzere linagona pansi. Mphuno yaitali ija inakumba msewu, kumbuyo kunanyamuka, ndipo galimoto inatembenuzika m'mwamba pamaso pa anthu onse, maliboni akuuluka. Inagubuduka kamodzi n'kukamenya mtengo wa bulugamu ndi denga lakumbuyo. Masamba anagwa.

Minibasi inaima. Palibe anakuwa. Anthu anatsika mmodzimmodzi n'kuima pamsewu ngati ogona, akumva madzi a injini akuwira.

Patapita kanthawi, pamene panali galasi lakutsogolo panatuluka dzanja, kenaka mutu. Munthu uja anakwawa n'kutuluka. Nkhope inali magazi okhaokha, mkono umodzi ukulendewera. Anaimirira, anadzandira, n'kuyang'ana galimoto yake. Kutsogolo kunali kophwanyika, koma munali malo a munthu. Kumbuyo kunalibe. Mtengo unali utapanikiza denga mpaka kukhudza mpando, osasiya mpata wolowetsa ngakhale chikhatho. Pa kampata ka chitseko pankaonekera nsonga za maluwa oyera.

Ataona maluwawo, mutu wake umene unali utamenyedwa uja unaiwala zonse za pakhomo pa tchalitchi. Unangokumbukira chimene anakonza kwa milungu isanu ndi umodzi, kuti mwana wake akhala pampando umenewo. Anathamangira chitsekocho n'kuyamba kuchikoka ndi dzanja limodzi.

"Sungeni! Sungeni, yankha! Thandizeni, mwana wanga ali m'katimu!"

Ankakoka, kumenya ndi phewa, kukanda chitsulo mpaka zikhadabo kuchoka. Sungeni anali ataima kumbuyo kwake, diresi likukwekwereza pa phula.

"Adadi, ndili pano."

Sanamve. Anapitiriza kuitana dzinalo m'kampata kaja, mawu akusasa, akupempha anthu kuti abweretse nkhwangwa. Anthu akuluakulu, amuna a ndevu zoyera, analephera kusuntha phazi.

Makanikoyo ndiye anapita. Anamugwira mapewa mlamu wake n'kumutembenuza mwamphamvu kuti ayang'ane kumsewu. Munthuyo anaona mwana wake ataima, wamoyo, wopanda ngakhale bala. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso denga lija, n'kuyang'ananso mwanayo. Kenaka anakhala pansi pakati pa msewu.

Fanizo lathera pamenepo.

Mawa mukulandira mapepala anu, ndipo mwezi wamawa ena mudzakhala ndi malo anuanu. Adzabwera munthu ndi galimoto yake yokondedwa, ya injini yolusa, atanyamula chitsulo chonyezimira m'pulasitiki. Musachiyese ndi maso, musachiyese ndi kuuma kwake. Chitembenuzeni, palani utoto, funsani kumene chachokera. Cha chiwongolero ndi cha miyendo ya galimoto chikakukayikitsani, chibwezeni patebulo, ngakhale mwini wake akhale wa suti yotani. Injini ikafa, galimoto imaima pambali pa msewu anthu n'kutsika akudandaula. Bolojointi ikafa, otsika amachita kutulutsidwa.

Adzakuuzani kuti galimoto ndi yake. Muvomere, ndi yakedi. Koma amene adzakhale pampando wakumbuyo sadzabwera ku galaji kwanu, sadzaona chitsulocho, ndipo palibe adzamufunse maganizo. Adzangotsegulidwira chitseko n'kukwera. Sungeni anali ndi amalume odziwa zitsulo, olimba mtima kulandira khofi pakhomo pa tchalitchi. Ana ena onse amene adzakwere galimoto zodutsa m'manja mwanu alibe amalume otero. Amalume awo ndinu.